Mwezi satungira mkanda

Pakati pa miyambi imene Achewa adasiyira ana awo pali umodzi waufupi wonena kuti, "Mwezi satungira mkanda." Uli ndi mnzake woti, "Mwezi sayanika ufa." Miyambi iwiriyi imanenedwa podzudzula munthu wozengereza, amene usana wonse adakhala pamthunzi, tsono wadzidzimuka kutada n'kuyamba kufunafuna singano. Tanthauzo lake ndi lakuti ntchito iliyonse ili ndi nthawi yake. Komabe munthu akaisinkhasinkha modekha amapezamo nzeru ina imene sitchulidwa kawirikawiri, yakuti akale ankadziwa kuyesa kuwala. Adalibe makina, adalibe manambala, koma muyeso wawo udali woona. Kuwala ankakuyesa ndi ntchito imene munthu angagwire nako.

Amene adagonako ku Santhe, m'boma la Kasungu, m'nyengo ya masika, akudziwa mmene mwezi umawalira kumeneko. Dzikolo ndi lachidikha, minda ya fodya ndi madambo zangoti see, ndipo mitambo ikachoka, mwezi wokhwima umayeretsa bwalo kuti mbee. Pa mwezi wotere atsikana ankavina chitelera, ana ankasewera chibisalirano, ndipo wapaulendo ankayenda osapunthwa. Koma mayi amene adayesa kutulutsa mikanda yake pamwezi womwewo adaona kuti kabowo ka mkanda sikaoneka, ndipo wofiira ndi wakuda zafanana. Apo ndi pamene mwambi udabadwira. Mwezi umakwanira kuvina, sukwanira kutunga.

Chinenero nachonso chidasunga miyeso yotere. M'mbandakucha munthu amaona njira koma satha kusankha mbewu. Dzuwa likafika paliwombo palibe chobisika. Chisisira ndi nthawi yoti nkhuku zilowe m'khola, mlimi aweruke. Ndipo mdima wandiweyani ndi uja woti munthu sazindikira ngakhale mbale wake wa bere limodzi, kufikira atamufunsa dzina. Mawu onsewa akufunsa funso limodzi: kodi pakuwala kumeneku diso lingathe chiyani?

Nyali zimene zidadutsa m'mudzi

Nyali yoyamba ya m'nyumba idali moto wa pamafuwa. Nthano zinkakambidwa pamoto, ndipo wofuna chinthu kuseri kwa mtsuko ankayatsa muuni wa udzu. Muuni womwewo unkaitana ngumbi m'nyengo ya mvula. Woyenda usiku ankatenga chikuni n'kumachigwedeza kuti chisazime. Ena ankatunga nsatsi pa kamtengo kapena pa waya n'kuyatsa ya pamwamba, moto n'kumatsika kuchoka pa njere ina kupita pa inzake. Iyi idali nyali komanso wotchi, chifukwa njere zikatha ana ankadziwa kuti nthawi yogona yakwana.

Kenaka kudabwera palafini, ndipo pamodzi naye kudabwera koloboyi: kachitini, kachivundikiro koboola ndi chingwe chong'amba ku bulangete lakutha. Ambiri mwa aphunzitsi, alangizi ndi anamwino amene adachokera m'midzi yozungulira Santhe adakonzekera mayeso a Sitandade 8 pa kamoto kameneka. M'mawa mphuno zinkakhala zakuda ndi mwaye, ndipo mphunzitsi wanzeru ankadziwa mwana amene wawerenga usiku pongomuyang'ana kumaso. Banja lopezako bwino linkagula nyali ya galasi, ndipo kupukuta galasilo madzulo aliwonse idali ntchito ya mwana. Pamwamba pa zonse padali nyali ya Tilley, yopopa, yolira kuti sii usiku wonse, imene inkapezeka m'sitolo, kumishoni ndi kumaesiteti. Nyali zamtunduwu zinkagulitsidwa ndi mawu akuti zili ndi mphamvu ya makandulo 300. Ambiri ankaganiza kuti uku n'kutamanda chabe kwa ogulitsa, osadziwa kuti kandulo idalidi muyeso wovomerezeka.

Masiku ano zinthu zidasintha mofulumira. Kalembera wa 2008 adapeza kuti mabanja oposa 8 pa 10 alionse m'Malawi ankaunikira ndi palafini. Pofika kalembera wa 2018, ounikira ndi palafini adali osakwana 2 pa 100 alionse, oposa theka adali atatembenukira ku tochi ndi nyali za mabatire, ndipo magetsi adali m'nyumba pafupifupi 11 pa 100. M'zaka khumi zokha koloboyi adachoka m'nyumba zambiri. Ichi n'chinthu chokondweretsa, pakuti utsi wake unkalowa m'chifuwa, moto wake udatentha nyumba zambiri zaudzu, ndipo ana ena adamwa palafini poyesa madzi. Koma kusinthaku kudadza ndi vuto lake. Koloboyi aliyense ankamudziwa malire ake. Nyali zatsopano zimabwera m'mabokosi okongola olembedwa manambala amene wogula sawamvetsa.

Phunziro la m'chigafa

Ku Santhe palibe ntchito yofuna kuwala koona kuposa kusankha fodya. Fodya wa bale akauma pa mikangala m'chigafa, amatsitsidwa ali wofewa, kenaka tsamba lililonse limayang'anidwa: pamene lidamera pa phesi, kutalika kwake, makulidwe ake, mabala ake, ndipo koposa zonse mtundu wake. Pali loyererako, pali lofiirira, pali lofiira ndithu, ndiponso pali lija lobiriwira limene silidapse bwino. Belo limene mwasakanikirana mitundu limatsika mtengo kapena kubwezedwa kumene kumsika, kaya ndi ku Chinkhoma kaya ndi ku Kanengo. Thukuta la miyezi yambiri, kuyambira pa nazale mpaka pa jeke, likhoza kutayika chifukwa cha maola ochepa osankhira pamalo olakwika. N'chifukwa chake osankha fodya akale ankakhala chakukhomo, pamene kuwala kwa usana kukulowa koma dzuwa silikuwomba tsamba, ndipo chisisira chikayamba ankavundikira fodya n'kuweruka.

M'mudzi wina chakumadzulo kwa Santhe mudali mkulu amene adakalamba akusankha fodya m'maesiteti. Chaka china mdzukulu wake adagula babu ya sola yowala kwambiri, yoti munthu akaiyang'ana maso amachita chidima. Adaipachika pamtanda wa denga nati, "Agogo, tsopano tizisankha mpaka usiku. Galimoto ikubwera Lachisanu, tisatsalire."

Mkuluyo sadakane. Adangotapa masamba odzaza manja awiri nati, "Iwe, sankha awa pansi pa nyali yakoyo. Uike miyulu itatu, usiye pomwepo, tidzaone mawa."

Mnyamatayo adasankha mosamala, ndipo adagona ali wokhutira. Kutacha adatulutsa miyuluyo pakhonde. Mu mulu wa ofiirira mudali masamba obiriwira, ndipo ena amene adawayesa ofiira adali ofiirira chabe. Adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adafunsa, "Nanga agogo, ndiye kuti ndataya ndalama?"

"Iyayi," adayankha mkuluyo. "Nyaliyi ndi yabwino. Uitsitse pang'ono kuti mlongo wako aziwerengera. Koma fodya ali ndi nyali yake, ndipo imatuluka kum'mawa."

Zimene mkuluyo ankadziwa ndi maso, ophunzira amazifotokoza motere. Kuwala kwa usana kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza mokwanira, choncho tsamba limaonetsa mtundu wake weniweni. Moto wa palafini umapendekera ku chikasu, ndipo babu zambiri zotsika mtengo zimapendekera ku mtundu wa mtambo, zili zoperewera pa kufiira. Nyali ikhoza kukhala yamphamvu koma n'kunamiza mitundu. Chinanso n'chakuti babu ija idali kutali, padenga, ndipo kuwala kofika pa tsamba kudali kochepa kwambiri poyerekeza ndi kwa pakhonde m'mawa. Mnyamata adayesa nyali poyang'ana nyaliyo. Agogo ake adaiyesa poyang'ana tsamba.

Mmene ophunzira adayesera

Diso la munthu ndi mboni yovuta. Limazolowera msanga: wolowa m'nyumba kuchokera padzuwa amaona mdima, koma pakapita mphindi zingapo amayamba kuona zonse. N'chifukwa chake tochi imene mabatire ake akutha imaoneka ngati idakali bwino kwa mwini wake. Diso silingathe kunena kuti nyali iyi ikuposa inzake kangati. Koma pali chimodzi chimene limatha bwino: kunena ngati mbali ziwiri zoyandikana zikuwala mofanana. Pa luso limeneli ndi pamene ophunzira oyamba adamangira miyeso yawo.

Mfalansa wina, Pierre Bouguer, adayerekeza kuwala kwa dzuwa ndi kwa mwezi pogwiritsa ntchito kandulo ngati mkhalapakati, ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 1729. Iye adati dzuwa limaposa mwezi wathunthu maulendo pafupifupi 300,000. Zipangizo za lero zimati ndi maulendo pafupifupi 400,000. Mayi wa mikanda uja sadadziwe nambala imeneyi, koma mfundo yake idali yomweyo.

Chinsinsi cha kuyesaku ndi lamulo la mtunda. Munthu akatalikira nyali kawiri, kuwala komufikira kumachepa kanayi. Akatalikira katatu, kumachepa maulendo 9. Mtundawo umachulukitsidwa ndi iwo womwe. Podziwa lamuloli, Robert Bunsen wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1840, adakonza muyeso wosavuta kotero kuti mwana wa sukulu ku Santhe akhoza kuupanga usiku uno. Pamafunika pepala loyera, dontho limodzi la mafuta ophikira, kandulo, ndi rula kapena tepi ya telala. Dontholo limaikidwa pakati pa pepala. M'chipinda cha mdima, pepala limaimikidwa pakati pa kandulo ndi nyali yofuna kuyesedwa. Ngati kuwala kochokera kuseri n'kochuluka, banga la mafuta limaoneka lowala kuposa pepala. Ngati kochokera kumaso n'kochuluka, bangalo limaoneka lakuda. Pepala limasunthidwa pang'onopang'ono kufikira bangalo litatsala pang'ono kuzimirira. Pamenepo mbali zonse ziwiri zikulandira mofanana.

Chotsala ndi masamu. Ngati kandulo ili masentimita 20 kuchokera pa pepala, ndipo nyali ili masentimita 60, nyaliyo ili kutali katatu, choncho mphamvu yake ndi ya makandulo 9. Ikakhala pa masentimita 200, ili kutali maulendo 10, ndipo mphamvu yake ndi ya makandulo 100. Ngati mitundu ya kuwala yasiyana, bangalo silizimiririka lonse, koma malo amene lachepa kwambiri amapezekabe. Tochi yokhala ndi galasi losonkhanitsa kuwala imapambana muyeso umenewu kutsogolo kokha, chonsecho m'mbali mwake muli mdima. Ichi ndi chifukwa chake tochi yoonera njoka panjira si nyali yowerengera.

Koma kandulo yake iti, poti makandulo amasiyana? Ku Britain, lamulo la 1860 lidakhazikitsa kandulo ya muyeso, yopangidwa ndi mafuta a namgumi, yotentha pafupifupi magalamu 8 pa ola. Maiko ena adali ndi nyali zawozawo za muyeso. Mu 1948 maiko adagwirizana pa muyeso umodzi wotchedwa candela, dzina la kandulo m'Chilatini. Lero muyesowu sudaliranso phula kapena chingwe, koma kukula kwake kudakali pafupifupi kofanana ndi kandulo imodzi wamba.

Mawu atatu oyenera kuwadziwa

Wogula nyali masiku ano amakumana ndi mawu atatu, ndipo kuwasokoneza ndiko kumatayitsa ndalama.

Oyamba ndi wati. Wati sayesa kuwala. Amayesa magetsi amene babu ikudya. Ali ngati madeya operekedwa kwa nkhuku, pamene chofunika ndi mazira. Babu zakale za kawaya zinkasandutsa magetsi oposa magawo 9 pa 10 kukhala kutentha, n'chifukwa chake zinkawotcha dzanja. Babu za LED zimadya pang'ono n'kuwala kwambiri. Njira yake idatseguka pamene akatswiri atatu, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adapeza kapangidwe ka LED ya mtundu wa mtambo, ntchito imene adalandira nayo mphoto ya Nobel mu 2014. Kuyambira pamene babu zamitundumitundu zidadzaza msika, kufunsa kuti "ndi ya mawati angati?" sikuuzanso munthu mmene nyali iwalire.

Achiwiri ndi lumen, amene pabokosi amalembedwa mwachidule kuti lm. Uku ndiko kuwala konse kotuluka mu nyali, mbali zonse. Kandulo imatulutsa malumen pafupifupi 12. Koloboyi amatulutsa ofanana ndi amenewo kapena ocheperapo. Nyali ya galasi imafanana ndi makandulo atatu kapena anayi. Babu yakale ya mawati 60 inkatulutsa pakati pa 700 ndi 800, ndipo LED yabwino ya mawati 9 imatulutsa ofanana nawo. Nambala yoyenera kuifunafuna pabokosi ndi imeneyi.

Achitatu ndi lux, ndipo awa ndiwo ali pafupi ndi nzeru za makolo. Lux ndi kuwala kumene kwafika pamalo a ntchito: pa buku, pa tsamba, pa kabowo ka mkanda. Kandulo imodzi pa mtunda wa mita imodzi imapereka lux imodzi. Mwezi wathunthu sufika ngakhale theka la lux. Dzuwa la masana limafika 100,000. Pamalo owerengera ndi kulemba, akatswiri amalangiza 300 kapena kuposerapo. Tsono mwana amene adaika buku masentimita 30 kuchokera pa koloboyi ankalandira pafupifupi 10 chabe. Amene adakhoza mayeso pa kuwala kotere ayenera kupatsidwa ulemu, koma si chifukwa choti adzukulu awo avutike chimodzimodzi. Kuwerenga pa kuwala kochepa kumatopetsa maso, kumadwalitsa mutu, ndipo mwana amatseka buku msanga. Ambiri amene adatchedwa aulesi m'kalasi vuto lawo lidali nyali.

Chikomekome cha mkuyu

Mlimi wa ku Santhe sagulitsa mtedza kapena soya asadayang'ane sikelo ya wogula, ndipo amadziwa kuti bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lilipo kuti miyeso ikhale yoona. Koma mlimi yemweyo akafika pa benchi la nyali pa tsiku la msika, wogulitsa amamuwalitsira m'maso, iye n'kuphethira, n'kutulutsa ndalama. Kuthobwa m'maso si umboni wa kuwala. Kamoto kakang'ono kolunjika m'diso kamathobwa, koma sikadzaza chipinda. Paja adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabokosi ena amalonjeza manambala amene nyali yake singawafikire, ndipo nyali zina zimawala bwino ola loyamba lokha. Mu 2007 World Bank ndi IFC adayambitsa ntchito yotchedwa Lighting Africa, imene mwa zina idakhazikitsa njira yoyesera nyali za sola kuti zolembedwa pabokosi zigwirizane ndi zimene nyaliyo ikuchita.

Wa kumudzi sangatumize nyali yake kwa akatswiri, koma ali ndi miyeso imene ili m'manja mwake. Woyamba ndi wa mkanda womwe uja. Asayang'ane nyali, ailozetse pa nyuzipepala kapena pa buku la nyimbo, pamalo a mthunzi, aone ngati zilembo zing'onozing'ono zikuwerengeka mosatsinzinira. Ayese kulowetsa ulusi m'singano. Wachiwiri ndi wa nthawi: nyali iyesedwe ikangoyatsidwa, iyesedwenso patapita maola atatu, pakuti mwana sawerenga mphindi zisanu. Wachitatu ndi pepala la mafuta, kwa ofuna kudziwa nambala. Mafoni ambiri a masiku ano alinso ndi kadiso koyesa kuwala, ndipo ngakhale nambala yake si yeniyeni, imathandiza kuyerekeza nyali ziwiri kapena malo awiri.

Lamulo la mtunda nalonso ndi chuma chaulere. Babu yopachikidwa mamita awiri pamwamba pa tebulo ikatsitsidwa kufika mita imodzi, buku limalandira kuwala kowirikiza kanayi popanda kulipira tambala. Khoma lopaka laimu kapena lozira ndi dothi loyera limabweza kuwala, pamene khoma lakuda ndi mwaye limakumeza. Fumbi la mwezi wa Okutobala likakhala pa solayo padenga, batire silidzaza. Ntchito ya mwana yopukuta galasi la nyali sidathe, idangokwera padenga.

Nzeru yakale, nyali yatsopano

Pali ena amene amaganiza kuti miyambi ndi ya nthawi ya muuni, ndipo magetsi atabwera idatha ntchito. Koma wophunzira wa ku France ndi kandulo yake, wa ku Germany ndi dontho lake la mafuta, ndi mayi wa ku Santhe ndi mikanda yake, onse adafika pa mfundo imodzi: kuwala kumayesedwa pamene kwagwera. Manambala adangowonjezera kulondola pa chimene mwambi udanena kale.

Akuluakulu ankagwiritsanso ntchito muyeso womwewu pa anthu. Pamudzi pamakhala munthu wowala ngati mwezi, wodziwa kuyankhula pabwalo, wokondedwa pa gule, koma pa tsiku la kudinda mabelo kapena la kukumba manda saoneka. Pamakhalanso wina wosathobwa m'maso, amene mwana wamasiye amawerengera pa nyali yake. Posankha mkamwini, mtengwa, nyakwawa kapena mtsogoleri wa kalabu ya alimi, akale sankafunsa kuti akuwala bwanji. Ankafunsa kuti pa kuwala kwakeko mudzi ungatunge chiyani.

Mdzukulu amene wawerenga mpaka pano atenge kandulo, pepala ndi dontho la mafuta, ayese nyali ya kwawo usiku uno, ndipo ngati mng'ono wake akuwerenga atakunyata nkhope, atsitse babu. Mwezi aziusiyira ovina. Mawu a akulu akoma akagonera.